Kodi kunenepa kwambiri kungabweretse amyloidosis m'impso?

Owerenga ena atitumizira imelo. Akuti mayi awo ndi onenepa kwambiri, mapazi atupa, mkodzo ukuchita thovu, ndipo dokotala watchula amyloidosis, matenda oyamba chifukwa cha puloteni imene imaunjikana m'ziwalo. Akufunsa ngati kunenepako ndiko kwayambitsa.

N'zotheka, koma sizichitikachitika. Mafuta ochuluka, makamaka a pamimba, amatulutsa timichere totchedwa IL-6 ndi TNF, zinthu zimene zimachititsa chitetezo cha m'thupi kukhala pa nkhondo usana ndi usiku ngakhale mulibe kachilombo. Zikatero chiwindi chimapanga puloteni yotchedwa SAA. Ikachuluka m'magazi kwa zaka zambiri, zidutswa zake zimapindika molakwika n'kuunjikana m'ziwalo. Ndiyo AA amyloidosis imeneyo, ndipo nthawi zambiri impso ndizo zimayamba kuvutika. Tisefa ta m'impso timayamba kutayira puloteni ina yofunika ya m'magazi mumkodzo, n'chifukwa chake mukuona thovu. Puloteniyo ikachepa m'magazi, madzi amatuluka m'mitsempha n'kudzaza m'miyendo: mukadina ndi chala pamwamba pa phazi pamatsala kadzenje.

Komabe musathamangire kuloza kunenepa. Kwathu kuno madokotala afufuze kaye matenda ena amene amachulukitsanso SAA, monga chifuwa chachikulu chimene chinakhalitsa, mafinya m'mafupa, zilonda zosapola, khate ndi nyamakazi ya rheumatoid. Palinso mtundu wina wa amyloidosis, AL, wochokera m'mafuta a m'mafupa, ndipo mankhwala ake ndi ena. Ndipotu mwa anthu onenepa, chimene chimawononga impso kawirikawiri ndi shuga ndi BP.

Kuchipatala apime puloteni mumkodzo. ACR, muyeso wa puloteni mumkodzo, ikapitirira 30 mg/g impso zayamba kudontha, ndipo puloteni yopitirira magalamu 3.5 patsiku ndiye kuti vuto lakula. M'magazi aone creatinine (zonyansa zimene impso zimachotsa m'magazi) ndi CRP (imene imakwera chitetezo cha m'thupi chikakhala pa nkhondo). eGFR, muyeso wa mmene impso zikusefera magazi, yokhala pansi pa 60 kwa miyezi itatu ndi matenda a impso okhalitsa. Koma zonsezi sizitsimikiza amyloidosis. Amayenera kudula kanyama kakang'ono ka impso kapena ka mafuta a pamimba, n'kukapaka utoto wa Congo red. Amyloid, zidutswa zounjikana zija, akakhalamo amawala mobiriwira pa maikulosikopu yapadera.

Chithandizo ndi kuthana ndi gwero la nkhondo ya chitetezo cha m'thupi ija kuti SAA itsike pansi pa 10 mg/L. Ngati gwerolo ndi kunenepa, mayi a makilogalamu 100 ayambe ndi kuchotsa 5 mpaka 10, pang'onopang'ono, osati kudzimana chakudya. Sikelo ikatsika msanga atamwa furosemide, mankhwala okodzetsa, musanyengeke, amenewo ndi madzi chabe.

Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wa m'nsomba zouma ndi timakyubu tokometsera ndiwo. Brufen ndi diclofenac asiyiretu, chifukwa amachepetsa magazi opita ku impso. Akapatsidwa enalapril kapena losartan, mankhwala a BP, kuti puloteni isatayike kwambiri, akapimitsenso potassium (mtundu wina wa mchere wa m'magazi) ndi creatinine pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo akamachita chizungulire poimirira, adokotala adziwe msanga chifukwa amyloidosis imathanso kutsitsa BP.