Chimbale cha gitala ndi mawu okha, kodi n'kutaya ndalama?

Kalata ya sabata ino yachokera ku Katete. Mnyamata wina akuti ali ndi nyimbo zopeka yekha, za ulimi, maliro ndi chikondi, ndipo amaziimba ndi gitala basi. Atapita ku situdiyo ina muno mu Chipata, anamuuza kuti popanda kiyibodi ndi ng'oma za pakompyuta palibe wailesi ingamuulutse. Akufunsa ngati agonje.

Aphwanga, musagonje. Njira imeneyi ena anaipondaponda kale. Alick Nkhata, wobadwa mu 1922, anatchuka pa wailesi ya ku Lusaka m'zaka za m'ma 1950 ndi gitala ndi mawu ake. Hugh Tracey, amene ankayenda m'midzi kujambula oimba bangwe, kalimba ndi magitala, anakhazikitsa nkhokwe ya nyimbo za mu Africa yotchedwa ILAM mu 1954, ndipo nyimbozo anthu akuzimverabe. Tsidya la malire ku Lilongwe kuli Madalitso Band, anthu awiri okha, wina pa gitala ndi ng'oma yoponda ndi phazi, wina pa babatoni, chida chachikulu cha mawu a besi cha nsambo imodzi. Chimbale chawo cha 2019 chinatulutsidwa ndi kampani ya Bongo Joe ku Geneva.

Koma mudziwe kuti gitala ndi mawu okha sizibisa kanthu. Kiyibodi imakwirira woimba akaphonya, pano mulibe pobisala. Vesi ikakhala yopanda mutu, aliyense adzamva. Ndiye musanalipire ngwee iliyonse, kaimbireni azakhali anu kapena anzanu a kwaya. Nyimbo imene ayamba kucheza ili mkati, ichotseni pa mndandanda. Zisanu ndi zitatu zogwira mtima zikwana.

Nkhani ya chipinda ndiyo ambiri amaipeputsa, ndipo imandiwawa ndikamva nyimbo yabwino itaonongeka nayo. Musajambule nthawi ya dzinja pansi pa malata, mvula idzalowa mu maikolofoni. Dikirani June kapena July, usiku anthu atagona, pamene zigayo ndi njinga zamoto zaleka kulira. Khoma la simenti limabweza mawu, choncho tsamizani matiresi kukhoma, pachikani mabulangete, yalani mphasa pansi. Nsambo zatsopano muikepo kutatsala masiku angapo kuti zikhazikike, ndipo muzichuna musanayambe nyimbo iliyonse. Maikolofoni isaloze pa bowo la gitala, pamenepo mawu amangoti dididi ngati mgolo. Ilozetseni pamene khosi lakumana ndi thupi, motalikira masentimita 20 kapena 30. Kukhwekhwereza kwa zala pa nsambo kusakudetseni nkhawa, kumamuyandikitsa womvera kwa inu.

Ngati munazolowera kuimba uku mukukhwatcha, jambulani zonse pamodzi. Ojambula ena amakonda gitala payekha, mawu pambuyo, koma oimba ambiri a kumudzi akatero kayendedwe ka nyimbo kamauma. Pamene pakufunika polekezera, mlongo wanu mmodzi wovomereza kapena chisekese chimodzi n'chokwanira.

Za wailesi, muno tili ndi Breeze FM ndi Radio Maria, ndipo onse amalankhula ndi anthu a kumudzi m'chinenero chathu. Kapereke chimbalecho nokha, mutanyamula gitala, chifukwa woimba wotha kuimba pompo mu situdiyo amamupeputsira ntchito muulutsi. Musanagawe nyimbo pa WhatsApp kapena Facebook, kazilembetseni ku ZAMCOPS, bungwe loteteza umwini wa nyimbo m'Zambia. Mukamaliza nyimbo yoyamba nditumizireni, ndikufuna kumva ija ya maliro.