Kufananiza mitundu ya gVim ndi ya terminal

Bambo wina wa ku Luchenza, amene amalemba timapologalamu towerengera malipiro a anthu othyola tiyi, anditumizira imelo. Akuti akatsegula Vim (pologalamu yolembera mafayilo) mu terminal (zenera lolembamo malamulo a kompyuta) mitundu yake imawakomera m'maso, koma fayilo yomweyo ikatsegulidwa mu gVim, Vim yotseguka pa zenera lakelake, imaoneka mwina, ndiye akufunsa chochita kuti ziwirizi zifanane.

Bambo, gwero la nkhaniyi ndi lakuti Vim ya mu terminal sisankha mtundu, imangotchula nambala. Terminal ili ndi malo 16 oyambirira a mitundu, kuyambira 0 mpaka 15, ndipo Vim ikanena kuti ctermfg=4 (zilembo zikhale za mtundu nambala 4, womwe ndi buluu), terminal ndiyo imagamula kuti buluu wake akhale wotani. Koma gVim ilibe terminal yoti iifunse, choncho imawerenga guifg (mtundu wa zilembo) ndi guibg (mtundu wa kumbuyo kwake), momwe mtundu mumaulemba ndi manambala a hex monga #002b36.

Ntchito yanu tsono ndi yokopera. Ngati muli pa xterm, mitunduyo ili mu ~/.Xresources, kuchokera color0 kufika color15. Pa GNOME Terminal muipeza mu Preferences, pagawo la Colors. Mu Vim lembani :highlight Comment, muona nambala imene ndemanga za mu pologalamu (gulu la Comment) zikugwiritsa ntchito, kenako ikani hex ya nambalayo pa guifg. Chitani chimodzimodzi ndi String, Statement ndi magulu ena, ndipo zonsezi muzisunge mufayilo yanuyanu mu ~/.vim/colors/.

Pali malo awiri amene ambiri amapunthwa. Mtundu wa zilembo wamba ndi wa kumbuyo kwake sali m'gulu la 16 lija, amalembedwa paokha ngati foreground ndi background, ndipo ameneŵa ndi amene apite ku gulu la Normal. Mukaphonya apa, china chilichonse chioneka cholakwika ngakhale mutakopera bwino. Kwinaku, ma terminal ena akamaonetsa zilembo zonenepa amasinthira ku mitundu yowala ya 8 mpaka 15, pamene gVim imangonenepetsa chilembo basi; mukaona mawu ena akuzimirira, tengani hex ya mtundu wowalawo.

Ine ndikanakhala inu, ndikamaliza kukopera ndikanalembanso set termguicolors mu .vimrc, fayilo imene Vim imawerenga ikamayamba. Lamuloli lilimo mu Vim 8.0 ya 2016 ndi ma Vim otuluka pambuyo pake, ndipo limachititsa Vim ya mu terminal kuwerenganso guifg ndi guibg, kotero mtsogolo muzisintha mitundu pamalo amodzi okha. Chofunika n'chakuti terminal yanuyo izitha kuonetsa mitundu ya 24-bit, kutanthauza mtundu uliwonse wolembedwa ndi hex.