Chitseko chapakati pa mkamwini ndi apongozi: yankho kwa amayi a ku Luchenza

Sabata yatha chiperoni chinatitsekera m'nyumba masiku atatu, phiri osaoneka n'komwe, ndiye ndinapeza mpata wowerenga makalata amene anaunjikana pa imelo. Imodzi inachokera kwa amayi ena a ku Luchenza, aphunzitsi a ku pulayimale. Andilola kuti ndiwayankhe poyera, bola ndisatchule dzina. Analemba chonchi:

"Achemwali, mlongo wanga amene ali ku Durban akufuna kutilipirira ulendo wa masiku anayi pa sitima ya panyanja mu Disembala. Tilipo asanu: ine, bambo a kunyumba, ana awiri, wa zaka 10 ndi wa zaka 6, komanso mayi anga. Wogulitsa matikiti akuti titenge zipinda ziwiri zogundizana zokhala ndi chitseko pakati, ife kwina, agogo ndi adzukulu kwina. Ine ndinaona ngati zili bwino, koma bambo nditawauza angoti zii. Kodi chitsekocho chimatsekeka ndithu? Nanga phokoso limadutsa?"

Amayi, bambowo akuyankhani kale. Mkamwini wa kuno kwathu akangoti zii pa nkhani yokhudza apongozi, ndiye kuti wakana mwaulemu. Ndipo ine ndili mbali yawo. Koma poti mwafunsa za chitseko, tiyeni tiyambe ndi khoma lomwe chitsekocho chili.

Ndisanabwerere kuno ku Chitakale ndinagwira makontirakiti atatu m'sitima zoterezi, ntchito yoyala mabedi ndi kukonza zipinda. Chimene chinandidabwitsa sabata yoyamba n'chakuti chipinda cha m'sitima sachimangira m'sitimamo. Amachipanga kufakitale chathunthu, chimbudzi, bafa, kabati, magetsi zonse zili momwemo, kenako n'kuchinyamula ndi makina n'kuchilowetsa m'thupi la sitima ngati momwe timabwezera dirowa m'kabati. Ku Finland, pamalo otchedwa Piikkiö, kuli fakitale yomwe ntchito yake ndi imeneyi basi. Zisakudabwitseni kwambiri, paja ngakhale Ilala yathu inabwera zidutswazidutswa kuchokera ku Scotland, n'kudzailumikiza kuno isanayambe kuyenda mu 1951.

Makoma ake si a njerwa. Ndi malata osalala, m'kati mwake muli zinthu zonga thonje zomwe sizigwira moto. Mukatenga maginito n'kuika pakhoma, amamatirira. Alendo ozolowera amabwera ndi tizokolekera ta maginito n'kumakolekapo zipewa ndi matawulo. Kukula kwa chipinda wamba ndi pafupifupi mamita 5 m'litali ndi 3 m'lifupi, bafa lili momwemo. Poti chipinda chilichonse chimabwera ndi khoma lakelake, pakati pa inu ndi oyandikana nawo pamakhala makoma awiri ndi kampata pakati. Zimathandiza ndithu. Musaganize za maresitihausi ena aja a m'misika, opanda siling'i, omwe munthu akatsokomola chipinda chachitatu iwe n'kuyankha kuti pepani. M'sitima, anthu akamacheza bwinobwino m'chipinda china mumangomva ngati njuchi ikulira patali. Chomwe chimamveka ndi mwana wolira, wailesi yakanema yokwezedwa kwambiri, zitseko za kabati zikamamenyetsedwa, ndi timahang'ala topanda zovala tomwe timangoti gwedegwede usiku wonse nyanja ikavuta.

Tsono chitseko chapakati chimabwera kudzaboola makoma awiri aja. Pa funso lanu loyamba, inde, chimatsekeka ndithu. M'sitima zina zimakhala zitseko ziwiri zoyang'anizana, chilichonse chokhomera mbali yake, moti kuti munthu adutse mpaka mbali zonse zivomere. Kwina chimakhala chimodzi, ndipo timachitsegula ndife antchito ndi kiyi wathu banja likapempha. Za munthu kukulowerani mwadzidzidzi musade nazo nkhawa. Koma loko amatsekereza munthu, satsekereza mawu. Chitseko chili ndi mpata kunsi, mpata m'mbali, ndipo mphira zomwe amaziika m'mphepete zimatha ndi zaka. Mukazimitsa nyale mbali yanu, nthawi zina mumaona kamzere ka kuwala pansi pa chitseko. Pomwe padutsa kuwala, mawu sapempha chilolezo.

Ndimakumbukira banja lina lachikulire lomwe linali m'chigawo changa. Iwo sanapemphe chipinda cha chitseko chapakati, anangochipeza, ndipo kuseri kunali anyamata awiri osawadziwa. Anyamatawo sanali oipa, ayi. Ankangobwera cha m'ma 2 koloko usiku kuchokera kovina, n'kuyamba kukambirana za tsikulo ndi mawu wamba. M'mawa wachiwiri amayi aja anandikokera pambali n'kundifotokozera nkhani yonse ya anyamatawo: wina akukangana ndi chibwenzi chake, wina watha ndalama pa juga. Zonse anazimva ali gone pabedi lawo. Tinapinda matawulo awiri akuluakulu n'kuwapanikiza kunsi kwa chitseko, ndinawapezera pilo wina woti atsamiritse pamenepo, ndinakalankhulanso ndi anyamata aja, omwe anachita manyazi kwabasi. Zinachepa koma sizinathe. Kuwasamutsa kunakanika poti sitima inali yodzaza, ndipo mu Disembala, nthawi ya tchuthi cha sukulu ku South Africa, musayembekezere kupeza chipinda chopanda munthu.

Ndiye taganizani. Ngati amayi aja anamva za chibwenzi cha mnyamata wosamudziwa, agogo adzamva chiyani kuchokera kwa mwana wawo ndi mkamwini? Sindikunena za zokhazo zomwe mwayamba kuseka nazozo. Ndikunena ngakhale mkonono, kukambirana za ndalama, kamkangano kakang'ono koti ndani waiwala mankhwala a mwana. Kumudzi mkamwini amamanga nyumba yake potero, osati yogundizana ndi ya apongozi, ndipo akakumana pa njira wina amapatuka. Ambiri masiku ano tinazifewetsa, timakwera minibasi imodzi, timadyera patebulo limodzi pa ukwati. Koma kugona masiku anayi ndi chitseko chimodzi pakati, ana akuchitsegula nthawi iliyonse yomwe afuna? Pajatu mukangochitsegula kamodzi, mwana wa zaka 6 sadzagogodanso. Bambo akutuluka m'bafa atamanga thawulo, chitseko chili pululu, agogo ali khale pabedi moyang'ana komweko. Munthuyo adzakhala womangika ulendo wonse, ndipo agogonso, ndikuwadziwa amayi a kwathu kuno, adzachita kuopa ngakhale kutsokomola. Wogulitsa matikiti uja sanalakwe, wakupatsani chimene amapatsa mabanja onse a ana. Zoti pali mkamwini ndi apongozi iye sizikumukhudza.

Chimene ndingakulangizeni ndi ichi: pemphani zipinda ziwiri zoyang'anizana, kanjira kali pakati. Sitima zambiri zinayalidwa kuti mbali ya kunja kuli zipinda za zenera kapena za khonde, ndipo kutsidya kwa kanjira kuli zipinda za m'kati zopanda zenera, zomwe ndi zotsika mtengo. Kuchoka pakhomo panu kufika pa la agogo ndi mapazi awiri okha. Mwana akalira mufika msanga, koma pakati pali zitseko ziwiri zolemera, ndipo m'zipinda zambiri bafa ndi kabati zimakhala chakukhomo, bedi chakumapeto, ndiye mabedi anu amatalikirana ndithu. Chipinda cha zenera apatseni agogo. Chopanda zenera ukazimitsa nyale mumakhala mdima wa bii usana ndi usiku, ndipo munthu wamkulu wozolowera kudzuka ndi kulira kwa tambala amasokonezeka. Inu ndi bambo mungapirire, mwinanso mungakondwe nawo mdimawo.

Zikakanika zoyang'anizana, tengani zogundizana koma zopanda chitseko. Apa chenjerani ndi Chingerezi cha ogulitsa. Akati connecting kapena interconnecting ndiye kuti pali chitseko. Akati adjacent kapena adjoining, kawirikawiri akutanthauza zoyandikana chabe, ngakhale ena amasakaniza mawuwa. Musadalire mawu okha, funsani manambala a zipinda.

Sindikuti chitseko chapakati n'choipa kwa aliyense. Mukanakhala kuti mukupita inu, bambo ndi ana okha, ndikanati chigwireni ndi manja awiri, chifukwa makampani salola ana aang'ono kukhala okha kutali ndi munthu wamkulu, komanso mabafa awiri pa banja ndi mpumulo waukulu. Chimodzimodzi ngati agogo ali odwaladwala, oti usiku amafuna wowadzutsa kapena wowaperekeza ku bafa. Zikatero ulemu uyambe wadikira, tengani cha chitseko, bambo amvetsa. Kungoti walira mvula walira matope: malo a chitsekocho amawadula pa khoma lomwe pakanakhala sofa, moti m'zipinda zambiri zotere mumapeza kampando kamodzi m'malo mwake. Onetsetsaninso kuti chipinda cha agogo n'cholembedwa kuti n'cha anthu atatu. Bedi lachitatu limakhala sofa yotambasula kapena lotsika kuchokera kudenga, ndipo m'sitima simuyala mphasa pansi n'kuwonjezera munthu ngati kumaliro. Chiwerengero cha anthu chimayenderana ndi malo a m'mabwato opulumukira.

Tsopano chinthu chomwe simunafunse, koma chomwe chimasowetsa anthu tulo kuposa oyandikana nawo: amene ali pamwamba panu ndi pansi panu. Kampani iliyonse imaika pa intaneti pulani ya sitima, nsanjika ndi nsanjika. Nambala ya chipinda imayamba ndi nambala ya nsanjika, monga 9124 ndiye kuti nsanjika 9. Muuzeni mlongo wanu atsegule pulaniyo, apeze zipinda zanu, kenako ayang'ane malo omwewo pa nsanjika ya pamwamba ndi ya pansi. Mukufuna zipinda pamwamba, zipinda pansi. Ngati pamwamba pali damu losambira, dziwani kuti antchito amayamba kukoka mipando ndi kutsuka kusanache, ndipo pansi pamamveka kuti khwee khwee ngati wina akukoka bedi pamutu panu. Ngati pali malo odyera a aliyense kudzitengera, ndi ngolo za mbale. Ngati pansi pali holo ya zisudzo kapena malo ovinira, ng'oma yake imadutsa m'chitsulo n'kufika mpaka m'pilo. Malo omwe pa pulani angosiyidwa oyera opanda nambala nawonso muwakayikire. Nthawi zambiri ndi tizipinda tathu ta antchito, mosungira nsalu ndi zikepe zathu, ndipo ndikuvomera, tinkayamba kumenyetsa zitseko m'mamawa. Powerenga nsanjika samalani, sitima za kampani ya MSC, zomwe ndi zimene zimanyamuka ku Durban nyengo ya dzinja lathu kupita ku Portuguese Island ndi Pomene ku Mozambique, zilibe nsanjika 17, chifukwa kwa anthu a ku Italy nambala imeneyo ndi yatsoka.

Kutsogolo kwenikweni, m'nsanjika za m'munsi, kuli nangula. Ku Portuguese Island sitima siifika pagombe, imaima panyanja anthu n'kumapita ndi timabwato, ndiye m'mawa tcheni cha nangula chikamatsika mumadzuka, mufune musafune. Kumbuyo kwenikweni kumanjenjemera chifukwa cha injini ndi zopalasira. Pakati ndiye pabwino, ndipo ndi pomwe sitima imagwedezeka pang'ono, zomwe zingathandize agogo ngati amachita chizungulire m'basi pokwera zitunda za ku Thyolo.

Pali mtengo wina wotsikirapo womwe amautcha guarantee. Mumalipira mtundu wa chipinda, koma nambala amakusankhirani okha ulendo utayandikira. Kwa munthu woyenda yekha ndi bwino. Kwa inu ayi. Mutha kupezeka inu muli nsanjika 8 kutsogolo, agogo ndi ana nsanjika 11 kumbuyo, kapena kupatsidwa chipinda cha chitseko chapakati ndi anthu osawadziwa ngati banja lachikulire lija. Alongo anuwo awonjezere pang'ono kuti asankhe okha manambala. Pa pulani, zipinda zolumikizana amaziika kachizindikiro, kamuvi kapena kamzere pakati pa ziwirizo, ndipo tanthauzo lake limalembedwa m'munsi mwa tsamba. Aonetsetse kuti zipinda zanu zonse ziwiri zilibe kachizindikiro kameneko.

Mukakwera, pitani ku risepushoni mukapemphe khadi lowonjezera lotsegulira chipinda cha agogo, kuti musamachite kugogoda ana akagona. Ngati chipinda china chili ndi khonde, musatsegule chitseko cha khonde ndi cha kukanjira nthawi imodzi, mphepo imakoka n'kumenyetsa chitseko mwamphamvu moti chitha kupana zala za mwana.

Chomaliza, muwachenjeze agogo za chimbudzi. Sichigwiritsa madzi ambiri ngati za m'tauni, chimachita kuyamwa ndi mpweya, ndipo ukadina batani chimalira kuti phwaaa mwadzidzidzi, mpaka oyandikana nawo amamva. Tsiku loyamba muwaonetse masana inu muli pomwepo: atseke kaye chivundikiro, adine ataimirira, ndipo asaponyemo china chilichonse kupatula pepala la momwemo. Ine tsiku langa loyamba palibe anandiuza, ndinathawa mpaka pakanjira nsapato imodzi ili m'manja.