Lamulo la milandu ya chidani ku Joni likuchedwa: mng'ono wanu akamenyedwa atani?

Achemwali, mwafunsa kuti mng'ono wanu amene ali ku Johannesburg, yemwe ndi transgender (anabadwa ngati mwamuna koma amadzidziwa kuti ndi mkazi), ndi mnzake wa bisexual (wokopeka ndi amuna ndi akazi omwe), adalire chiyani popeza mwamva kuti lamulo la milandu ya chidani, yochitira munthu chipongwe chifukwa chodana ndi chimene iye ali, linakanika. Mwamva zoona, koma nkhaniyo siinathere pamenepo.

Bilu ya lamuloli inatulutsidwa mu 2016 kuti anthu aikepo maganizo, inalowa m'nyumba ya malamulo mu 2018, n'kufera momwemo mu 2019 nthawi ya aphungu itatha. Anaidzutsanso, aphungu anaivomereza mu 2023, ndipo Pulezidenti Ramaphosa anaisaina mu Meyi 2024. Koma kumeneko kusaina sikutanthauza kuti lamulo layamba kugwira ntchito. Pamafunika malangizo a momwe apolisi ndi osuma milandu (oimira boma kukhoti) azigwirira, kenako tsiku lilengezedwe mu Government Gazette, nyuzi ya zilengezo za boma. Chaka chinatha chisainireni izi zisanachitike.

Tsono chimene chikusowa n'chiyani? Kumenya, kugwiririra, kuopseza ndi kulanda ndalama moopseza ndi milandu kale, lamuloli lilipo kapena palibe. Chikusowa n'choti wapolisi akakamizidwe kulemba chifukwa chimene munthu wamenyedwera. Popanda zimenezo doketi imangoti wavulazidwa, ngati ndewu ya kumowa. Khoti lili ndi mphamvu yokulitsa chilango likaona chidani: pa mlandu wa Zoliswa Nkonyana, amene anaphedwa ku Khayelitsha mu 2006, majisitireti anatero mu 2012 n'kupereka zaka 18 kwa anyamata anayi. Koma onani, zinatenga zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mabungwe ankapezeka kukhoti nthawi zonse. Ndiye kuti ntchito imene lamulo likanapatsa wapolisi yagwera wovulalayo.

Womenyedwayo akapita kusiteshoni ya polisi, mu sitetimenti alembetse mawu enieni amene omumenyawo ankanena, m'chinenero chomwe ananenera, kaya Chizulu kaya Chisutu, osafewetsa chifukwa cha manyazi. Apa m'pamene ambiri amagwera. Amangoti "ananditukwana", ndiye wosuma mlandu amasowa pogwira. Asasaine asanawerenge kapena kuwerengeredwa. Atenge nambala ya mlandu (CAS) ndi dzina la wapolisi wofufuza. Kuchipatala dokotala adzaze fomu ya J88, yolembapo mabala ngati umboni wa kukhoti, mabala asanapole, ndipo ajambule mabalawo ndi foni tsiku lomwelo. Ngati wagwiriridwa apite ku Thuthuzela Care Centre, malo othandizira ogwiriridwa, asanasambe ngati kungatheke, zovala aike m'thumba la pepala osati la pulasitiki chifukwa chinyezi chimaononga umboni, ndipo mankhwala a PEP oteteza ku HIV ayambe maola 72 asanakwane. Wapolisi wa pakauntala akakana kutsegula mlandu, afunse mkulu wa siteshoni. Akamenyedwa ndi wapolisi amene, nkhani ikapite ku IPID, bungwe lofufuza milandu ya apolisi. Asapite yekha.

Za mnzake wa bisexual uja. Vuto lake n'loti anthu samukhulupirira. Akakhala ndi mkazi ndi ana, loya wa woimbidwa mlandu amangoti, "uyu ndi bambo wapabanja, chidanicho chikuchokera pati?" Yankho lake n'loti chofunika si zimene iye ali, koma zimene womenyayo ankaganiza kuti ali, n'chifukwa chake mawu aja ndi ofunika chonchi. Vuto lachiwiri ndi lolemera kuposa apo. Kuti anene chifukwa chomwe wamenyedwera, ayenera kuulula chinthu chimene mwina akwawo sakuchidziwa, ndipo khoti ndi pagulu. Zigawenga zimene zimanyengerera anthu pa Grindr, pulogalamu ya pafoni yopezerapo zibwenzi za amuna okhaokha, n'kuwatsekera m'nyumba kuti abale atumize ndalama zimadalira mantha omwewa. Angathe kupempha wosuma mlandu kuti apemphe khoti limve umboni wake anthu atatulutsidwa, koma akupempha, si kuti n'zotsimikizika. Ine sindingamukakamize kuulula. Aonane kaye ndi loya, asankhe yekha.

Mng'ono wanuyo nkhawa yake imayambira pa chitupa. Sitetimenti ilembedwa m'dzina la pa pasipoti, ndiye apemphe kuti dzina limene amadziwika nalo lilembedwenso, pamodzi ndi chiganizo chonena kuti ndi transgender, apo ayi mboni zidzatchula dzina lina doketi ili ndi lina. Lamulo la 2003 lolola kusintha pachitupa kuti mwamuna kapena mkazi limathandiza amene ali m'kaundula wa Home Affairs, unduna woona za zitupa kumeneko. Pasipoti ya Malawi silingaisinthe. Akamangidwa, choopsa chachikulu ndi selo ya amuna. Anene msanga, apemphe kusungidwa payekha, ndipo zilembedwe. Pali chigamulo chomuimira: mu 2019 khoti ku Western Cape linagamula mlandu wa Jade September kuti a ndende anamulakwira pomuletsa kuvala ndi kutchulidwa ngati mkazi.

Pali makomo awiri amene anthu athu sawadziwa, ndipo onse salira ndalama kapena loya. Woopsezedwa ndi neba, landilodi kapena munthu wa pa WhatsApp angakatenge protection order, chikalata choletsa wozunzayo kupitiriza, kukhoti la majisitireti pansi pa lamulo la 2011 loletsa kuzunza. Yongoyembekezera imatha kutuluka msanga umboni ukakhala wokwanira, koma imayamba kugwira ntchito pa wozunzayo pokhapokha atadziwitsidwa za iyo. Wonyozedwa kapena wothamangitsidwa pamalo apite ku Equality Court, khoti loona za tsankho, yomwe ili kukhoti komweko, akadzaze Form 2 kwa kalaliki. Khoti limeneli silitsekera munthu m'ndende, koma limalamula chipepeso ndi chipukutamisozi.

Ndikudziwa funso limene simunalembe: mapepala. Wopanda mapepala ali ndi ufulu wotsegula mlandu, koma sindikunamizani, wapolisi angathe kutembenukira kwa iye. Ayambe wafika ku mabungwe othandiza monga Lawyers for Human Rights, OUT LGBT Well-being, Iranti kapena, ngati ali ku Cape Town, Triangle Project ndi Gender DynamiX. Refugees Act ya 1998, lamulo la othawa kwawo, imalola kupempha chitetezo ngati munthu akuzunzidwa kwawo chifukwa chokhala transgender kapena bisexual, ndipo Tiwonge Chimbalanga, Mmalawi wa transgender amene anamangidwa atachita chinkhoswe ndi mwamuna, anathawira komweko atakhululukidwa ndi Bingu mu 2010. Kwathu zigawo 153 ndi 156 za Penal Code, zoletsa kugonana kwa amuna okhaokha, zikadalipo, ndipo khoti linakana kuzichotsa mu Juni 2024; chigamulo chimenecho n'choyenera kuchitchula pofunsidwa za pempho la chitetezolo. Wa bisexual akonzeke kufunsidwa za ana ndi banja, ndipo asabise, chifukwa akabisa n'kudzadziwika pambuyo, nkhani yake yonse amaitaya.