Tifunseni: Mapu akale a boma ndi zithunzi zojambula pandege

Akonzi, kwathu mabanja awiri akukangana malire a munda. Akuluakulu akuti boma linajambula dziko lonse pandege kalekale, ndipo mapu ake angatiweruze. Kodi n'zoona? Bambo wa ku Thondwe, Zomba

Bambo, zoti dziko linajambulidwa n'zoona, koma mapuwo sangadule mlandu wanu, ndipo mudziwiretu musanawononge ndalama ya ulendo. Mapu amene akuluakuluwo akunena ndi a sikelo ya 1:50,000. Ambiri anakonzedwa ndi bungwe la boma la Britain lomwe linakhazikitsidwa mu 1946 ndi dzina loti Directorate of Colonial Surveys, n'kusintha mu 1957 kukhala Directorate of Overseas Surveys. N'chifukwa chake m'mphepete mwa mapuwa mumapezeka malembo akuti D.O.S.

Pa sikelo imeneyi masentimita 2 papepala ndi kilomita imodzi pansi, choncho milimita imodzi ndi mamita 50. Munda wa hekitala imodzi ndi kabokosi ka mamilimita 2 mbali zonse, ndipo wa ekala imodzi sukwana n'komwe milimita imodzi ndi theka. Mzere wa pensulo wa theka la milimita waphimba kale mamita 25, pomwe inu mwina mukulimbirana mizere khumi ya chimanga. Komanso ojambula ankakulitsa dala misewu kuti ioneke, n'kusuntha pang'ono nyumba za m'mbali mwake. Ntchito ya mapuwa ndi kusonyeza mapiri, mitsinje, misewu ndi midzi, osati minda ya anthu.

Chithunzi cha pandege chingakuthandizeniko, chifukwa chimaonetsa m'mphepete mwa minda, njira zapansi, mitengo ikuluikulu ndi msitu wa kumanda monga zinalili tsiku lojambulalo. Koma chimangoonetsa pamene panalimidwa. Sichinena ngati wolimayo anali mwini kapena wobwereka. Chitengereni kwa amfumu kapena ku bwalo la milandu ya malo, lomwe lamulo la Customary Land Act la 2016 linakhazikitsa, ngati umboni wowonjezera pa mawu a mboni. Ngati malowo ali ndi lizi, chofunika ndi pulani ya malowo ndi mabikoni ake, ndipo woyenera kuwapeza ndi saveya wovomerezeka.

Ndimaphunzitsa Geography ndipo ndikufuna mapu ndi zithunzi zakale za dera lathu. Ndiyambire pati? Mayi wa ku Ntcheu

Mayi, yambani ndi nambala ya pepala la mapu, chifukwa mukangotchula dzina la mudzi wosunga mapu sadziwa kabati yoti atsegule. Pepala lililonse limatenga dera la makilomita pafupifupi 27 m'lifupi ndi 28 m'litali. Manambala awiri oyamba ndi madigiri a kummwera, awiri otsatira ndi a kummawa. Dera la digiri imodzilo amaligawa panayi: A kumpoto chakumadzulo, B kumpoto chakummawa, C kummwera chakumadzulo, D kummwera chakummawa. Gawo lililonse amaligawanso panayi momwemo, 1 mpaka 4. Motero tawuni ya Zomba ili pa 1535A4, ndipo pakati pa mzinda wa Blantyre ndi pa 1535C3. Foni yanu ingakupatseni madigiri a pasukulupo, inu n'kuwerengera nokha.

Koyamba kufunsa ndi ku nthambi ya Surveys ya mu unduna woona za malo. Mapu akale kwambiri mukawafunse ku National Archives ku Zomba, kungoti zolembedwa zambiri za boma za zaka zoyambirira zinapsa pa moto wa mu 1919 ku Zomba komweko. Yesaninso laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ku Blantyre ndi malaibulale a m'mayunivesite. Bungwe la D.O.S. linalowa mu Ordnance Survey mu 1984, ndipo zithunzi zake za pandege, zoposa miliyoni imodzi za mayiko ambiri, tsopano zimasungidwa ku National Collection of Aerial Photography ku Edinburgh.

Zithunzi sizisanjidwa ndi mayina a midzi ayi. Pemphani kaye mapu osonyeza njira zimene ndege inadutsa, mupeze mzere wodutsa kwanu, mulembe chaka, nambala ya mzerewo ndi manambala a zithunzi. Muitanitse zitatu zotsatizana, osati chimodzi. Chifukwa chake tachifotokoza m'munsimu. Kumbukiraninso mayina akale: Ntcheu ankalemba Ncheu, Mangochi inali Fort Johnston, Nsanje inali Port Herald, Mchinji inali Fort Manning, Chitipa inali Fort Hill.

Ndikaima pa mlatho n'kuwerenga GPS, manambala ake pa mapu a 1:50,000 akundigwetsera m'munda, kutali ndi mlathowo. Cholakwika ndi mapu kapena makina? Mlangizi wa zankhalango, Dedza

Zonse zili bwino, kungoti zikuyezera pa maziko osiyana. Mapu akale a dziko lino anayezedwa pa maziko otchedwa Arc 1950, pomwe GPS ndi foni zimabwera zitatcheredwa pa WGS 84. Pa manambala a UTM, omwe amasonyeza malo m'mamita m'malo mwa madigiri, kusiyanako kuno kwathu ndi mamita pafupifupi 300, makamaka kumpoto ndi kummwera. Kummawa ndi kumadzulo n'kochepa. Werengani tizilembo ta m'munsi mwa mapu, mupeze pamene alemba Datum, kutanthauza maziko aja, kenako mutchere makina anu chimodzimodzi, pa UTM chigawo 36 cha kummwera, momwe muli Malawi yense. Mukatero yesani pa malo awiri odziwika musanalowe m'nkhalango.

Pomwepo onaninso muyeso wa mizere yabulauni ija, yomwe imatsata malo okwera mofanana ngati akalozera m'munda. Mapu akale ambiri amawerenga mafiti, atsopano mamita. Fiti imodzi ndi mamita 0.3048, choncho 5,000 wa pa mapu akale ndi mamita 1,524 okha.

Ndikufufuza momwe mtsinje wa Shire wasunthira komanso momwe mitengo yathera. Kodi ndingayeze ndi rula pa zithunzi zakale? Wophunzira wa pa yunivesite

Rula ikunamizani. Chithunzi cha pandege sichikhala ndi sikelo imodzi paliponse. Sikelo yake imachokera pa diso la kamera ndi kutalika kwa ndege kuchokera pansi: kamera ya mamilimita 152 pa mamita 3,800 imapereka 1:25,000, ndipo chithunzi cha masentimita 23 mbali zonse chimatenga makilomita 5.75. Koma nsonga ya phiri ili pafupi ndi kamera kusiyana ndi chigwa, ndiye imaoneka yaikulu ndiponso yopendekera kunja, makamaka cha m'mphepete mwa chithunzi. Ndege ikapendekeka pang'ono vuto limakula. Pakati pa chithunzi ndiye podalirika. Zithunzi zotsatizana zimabwerezana pafupifupi magawo 60 pa 100 alionse, motero malo amene ali m'mphepete pa china amakhala chapakati pa chinzake, ndipo mukaika ziwiri pansi pa magalasi a stereoscope mapiri amatumphuka, zigwa n'kuzama.

Chitani chonchi. Sikanani chithunzi chonse pa 600 dpi (timadontho 600 pa inchi imodzi) kapena kuposa, osadula m'mphepete momwe muli manambala. Pa 1:25,000 kadontho kamodzi kakhala mita imodzi. Chilowetseni mu QGIS, pulogalamu yaulere ya mapu, n'kuchikhoma, kutanthauza kuchilumikiza ndi mapu, pa malo osachepera 8 omwazikana chithunzi chonse: milatho ya njanji, ngodya za matchalitchi akale, mphambano zimene sizinasinthe. Musakhome pa gombe la mtsinje, poti chimene mukuyezacho ndi chomwecho. Kuchigwa cha Shire, komwe n'kwathyathyathya, njira imeneyi imakwana. Ku Mulanje kapena ku Zomba pafunika kuwongola chithunzi pogwiritsa ntchito miyeso ya kukwera kwa nthaka.

Chimene chimagwetsa ambiri ndi deti. Chaka chosindikiza mapu si chaka chojambula zithunzi, ndipo nthawi zina pamadutsa zaka zambiri. Chaka cha zithunzi chimalembedwa m'munsi mwa mapu. Mwezinso ndi wofunika. Ndege zinkauluka kwambiri m'chilimwe kuthawa mitambo, nthawi imene mitengo yambiri imayoyola masamba, ndiye kufananiza chithunzi chotere ndi cha setilaiti cha mu February kungakuonetseni nkhalango ikuchuluka pomwe ikutha. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968 ndi mu 1995. Gombe lake pa mapu alionse ndi la nyengo imene anajambula basi.

Mu ofesi mwathu muli mapu akale opindidwa, ena ong'ambika. Tiwamate ndi selotepi? Kalaliki wa pa khonsolo

Ayi ndithu. Selotepi imasanduka yachikasu, guluu wake n'kulowerera m'pepala, ndipo pulasitiki womata ndi moto sachokanso. Atambasuleni pang'onopang'ono, muwagoneke m'madilowa otakata, pepala loyera pakati pawo, kabati itatalikirana ndi khoma ndi simenti chifukwa cha chinyontho ndi chiswe. Chotsani mapini ndi malabala, ndipo polemba gwiritsani pensulo, kumbuyo kwake. Asikaneni pa 400 dpi kuti anthu azigwira makope. Mukapeza mafilimu a zithunzi akununkha ngati viniga, ayamba kuwonongeka: apatuleni kwa anzawo, muwaike pozizira, ndipo akhale oyamba kusikanidwa.