Mapiri 214 m'chaka chimodzi? Tiyeni tikambirane kaye

Achemwali ena okhala ku Leeds andilembera imelo. Akufuna chaka chamawa akwere mapiri onse a pa mndandanda wa Wainwright (Alfred Wainwright, wolemba mabuku otsogolera okwera mapiri) ku Lake District, dera la mapiri ku England, onse 214, ndipo akufunsa kuti ayambire pati. Funso limeneli landikhudza kwambiri, poti njala imeneyi inenso inandigwirapo.

Ine ndinakulira m'munsi mwa Mulanje, komwe Sapitwa imafika mamita 3,002. Ndiye munthu ukamva kuti phiri lalitali kuposa onse ku Britain ndi Ben Nevis, mamita 1,345 okha, umayesa ndi nkhambakamwa. Mnzanga wina wa kuntchito atanditengera ku Helvellyn, phiri la ku Lake District komweko, tinadzera pa Striding Edge, kanjira ka pamsana pa miyala, phompho uku ndi uko. Mphepo yake inkachita kukankha munthu. Nkhungu inagwa mwadzidzidzi moti mnzangayo ndinkangomumva mawu. Titatsika, miyendo ikunjenjemera, ndinadziwa kuti ndibwereranso. Chaka chimenecho Loweruka lililonse linali la mapiri: kudzuka kusanache, tiyi m'fulasiki, kubwerako usiku nsapato zitanyowa. Ndinafika mpaka ku Scotland kukalawa ma Munro, mapiri 282 aja opitirira mafiti 3,000. Kumeneko m'chilimwe kuli tizilombo touluka, ma midge, toluma mopanda chisoni, ndipo palibe amene amakuchenjeza mokwanira.

Mndandanda ndimaukonda, musandimve molakwa. Umakufikitsa ku zigwa zomwe sukanapitako pawekha. Koma chimene chimandipweteka ndi anthu amene amafika pamwamba, kugwira mulu wa miyala, kujambula, n'kuthamangira lina, osakweza n'komwe maso. Choopsa kwambiri n'chakuti chiwerengero chimayamba kukulamula. Nyengo yaipa, dzuwa likulowa, koma mtima ukuti latsala limodzi lokha. Apo ndi pomwe anthu amavulalira. Ndipo amene amadzakusakani usiku mumvula, a mountain rescue, ndi anthu ongodzipereka, osalipidwa, osiya ana awo kunyumba. Ine ndimati kuika anthu amenewa pachiswe chifukwa cha nambala n'kudzikonda basi.

Kodi mukudziwa kuti Sir Hugh Munro mwiniwake, amene anatulutsa mndandanda wake mu 1891, anamwalira asanamalize mapiri akewo? Limodzi mwa omwe anamutsalira linali Inaccessible Pinnacle pa chilumba cha Skye, mwala wofuna chingwe. Dzina lake likadali pa mapiri onsewo.

Tsono yankho lanu, achemwali

N'zotheka, koma 214 m'chaka ndi pafupifupi mapiri anayi sabata iliyonse, m'nyengo yozizira momwemo, pamene mdima umagwa cha m'ma 4 koloko. Yambani ndi Catbells pafupi ndi Keswick, muone mmene mawondo akuyankhira. Kenako muziphatikiza: ulendo wa Fairfield Horseshoe kuchokera ku Ambleside umakupatsani mapiri asanu ndi atatu tsiku limodzi. Gulani mapu a Ordnance Survey ndi kampasi, muphunzire kuzigwiritsa ntchito, chifukwa foni imatha moto msanga kukazizira. Nyengo muziyang'ana ya kumapiri, osati ya m'tauni. Uzani munthu kumene mwalowera. Zikavuta imbani 999, mupemphe apolisi, kenako mountain rescue. Striding Edge muisungire tsiku lopanda mphepo, ndipo musapiteko nokha.