Kodi a Hernández onsewa ndi apachibale?

Malume, mwaswera bwanji? Ndaona funso lanu m'gulumu, loti kodi Xavi Hernández amene ankasewera mpira ku Barcelona ndi Chicharito uja anali ku Manchester United ndi apachibale, poti onse ndi a Hernández. Ayi ndithu, malume, palibe ubale. Xavi ndi wa ku Terrassa ku Spain, Chicharito ndi wa ku Guadalajara ku Mexico. Koma ndiloleni ndifotokoze pang'ono, kulemba kukanatalika.

Dzinali limatanthauza kuti mwana wa Hernando. Ka "ez" kakumapetoko ndi kamene kakunena za mwanako, chimodzimodzi Rodríguez, mwana wa Rodrigo, kapena Martínez, mwana wa Martín. Ndiye Hernando ndi Fernando ndi dzina limodzi. Kungoti ku Castilla, dera la ku Spain, "f" woyambirira uja anapepuka pakamwa mpaka kusanduka "h", ndipo lero "h" ameneyo samutchula n'komwe. Fernandoyo anabwera ndi a Visigoth, mtundu wachijeremani umene unalowa ku Spain m'zaka za m'ma 400. Mbali yomaliza ya dzinalo imanena za kulimba mtima. Yoyambayo ena amati ndi ulendo, ena amati ndi mtendere.

Tsopano mvetserani apa, chifukwa ndi pamene pagona yankho lanu. Kalelo dzinali linkasintha m'badwo uliwonse. Hernando akabereka Pedro, mwanayo ankakhala Pedro Hernández, koma ana a Pedroyo ankakhala a Pérez. Patapita zaka mazana ndi pamene mayinawa anakhazikika n'kumapatsirana. Ndiye taganizani, a Hernando analipo angati m'midzi yonse ija, osadziwana n'komwe? Aliyense anasiya a Hernández akeake. Si mfunda ngati Phiri kapena Banda woti mukakumana pa basi mumayamba kufunsana kumudzi.

Ku Spain komweko, a Fernández ndi ochuluka kuposa a Hernández, makamaka kumpoto, ku Asturias ndi León. A Hernández mumawapeza kwambiri cha ku Salamanca ndi ku zilumba za Canarias. Koma kumene dzinali linamera mizu zenizeni ndi ku Mexico, komwe ndi loyamba pa mayina onse a makolo. Mzinda wa Tenochtitlan, likulu la Aaziteki, utagwa m'manja mwa Asipanishi mu 1521, eni dziko ambiri anabatizidwa n'kupatsidwa mayina a Chisipanishi, moti a Hernández ambiri kumeneko makolo awo sanaonepo Spain. Ku United States nako, kalembera wa 2010 anapeza a Hernandez oposa 1 miliyoni.

Eya, ndisaiwale, dzina la Bruno Fernandes, wampira wa ku Portugal uja, ndi lomwelo mwa Chipwitikizi, iwo amamaliza ndi "es". N'chifukwa chake a Fernandes mumawamvanso ku Mozambique kuno.

Mukafuna kulondola ubale wa anthu amenewa, yang'anani dzina lachiwiri, poti iwo amatenga awiri, la bambo ndi la mayi. Xavi ndi Hernández Creus. Chicharito ndi Hernández Balcázar, ndipo Balcázar ameneyo ndi agogo ake akuchikazi, a Tomás Balcázar, amene anasewerera Mexico pa World Cup ya 1954. Bambo ake nawonso, a Javier Hernández, anali m'timu ya 1986. Ubale wa mpira ulipo, malume, koma uli m'nyumba mwa Chicharito momwemo. Mupereke moni kwa azakhali.